Akatakwe a rap, ikani nyimbo za m'makwalala pa mbale ya vinyl, koma muyende nazo mwadongosolo

A Mkonzi,

Tiloleni tidzere m'nyuzipepala yanu polankhula ndi akuluakulu a chamba cha hip hop, aja anayamba kugwira maikolofoni kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, amene lero imvi zayamba kuoneka m'ndevu koma cholembera akadali nacho m'manja. Pempho lathu ndi lakuti mmodzi wa iwo, kaya angapo, atulutse chimbale cha nyimbo za m'makwalala pa mbale yeniyeni ya vinyl, ija yakuda yozungulira pansi pa singano. Koma alowemo akudziwa bwino njira yake, chifukwa pa ntchitoyi wolakwitsa amazindikira makatoni atafika kale pakhomo, ndalama zitapita.

Liwu loti chimbale timalitchula tsiku ndi tsiku osaganizako komwe linachokera. Ndi mbale zija za galamafoni zimene makolo athu ankaika pa makina opukusa ndi dzanja. Hip hop nayo inabadwira pa mbale. Phwando limene ambiri amati ndi pamene chambachi chinayambira linachitika pa 11 Ogasiti 1973 pa 1520 Sedgwick Avenue ku Bronx mumzinda wa New York, ndipo luso limene DJ Kool Herc anatchuka nalo linali lotenga mbale ziwiri zofanana n'kumabwereza kachigawo ka ng'oma zokhazokha kuti ovina asapume. Kwathu kuno chambachi chinakula mbale zitasowa kale m'masitolo. Chinadzera m'mawayilesi amene anatseguka dziko litavomera zipani zambiri mu 1993, monga FM 101 Power ndi Capital FM muno mu Blantyre, ndi pa kanema wa TVM amene anayamba mu 1999. Tinamva Real Elements, kenako Tay Grin atabwera ndi kalembedwe kotsamira pa gule wamkulu, Third Eye, Phyzix, Young Kay, Fredokiss ndi ena ambiri. Nyimbo zawo zinayenda pa kaseti, pa CD yowotcha pa kompyuta, pa flash, pa memory card, lero zikuyenda pa WhatsApp.

Pa zonsezi palibe chimene chinapangidwa kuti chikhalitse. Tepi ya kaseti imatafunidwa ndi wayilesi, CD yowotcha imasupuka kumsana n'kuyamba kudumphadumpha, hard drive ya mu situdiyo ikafa imafa ndi ntchito ya zaka khumi. Nyimbo imene Ndirande yonse inkayimba mu 2005 lero mungaipeze ngati MP3 yotopa imene yadutsa m'mafoni makumi angapo, dzina la woyimba litalembedwa molakwika, la wopanga biti palibiretu. Imfa ya Martse mu Meyi 2022 inatikumbutsa kuti woyimba amachoka nthawi iliyonse, ndipo chotsala ndi chokhacho chimene chinasungidwa bwino. Mbale ya vinyl yosamalidwa imalira patatha zaka 50 kapena 60, ndipo umboni wake ndi mbale za m'ma 1960 zimene zikugulitsidwabe m'misika ya kunja. Msika wake uliponso: ku America mu 2022 mbale za vinyl zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chichokereni 1987. Amalawi ena analowa kale. Madalitso Band ili ndi zimbale pa vinyl kudzera ku kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. Rap yathu ndiyo yatsalira.

Tisanafike ku makina, mawu awiri pa nyimbo zenizenizo. Mkhalakale wa zaka 40 kapena kuposa asalembe ngati mnyamata wa zaka 19. Achinyamata ali ndi zawo ndipo akuzichita bwino. Chimene iye ali nacho, chimene iwo alibe, ndi maso amene aona khwalala limodzimodzilo kwa zaka 25. Waona kondakitala wa minibasi pa Mibawa akusanduka mwini minibasi, kenako n'kubwerera pa kabaza. Waona mavenda akuthamangitsidwa mu Limbe n'kubwereranso mawa lake ndi katundu yemweyo pa chiguduli. Waona Chilobwe ndi Soche m'mawa wa Malichi 2023 namondwe Freddy atagumula phiri. Chimbale cha m'makwalala chitchule malo ndi mayina ake, Mbayani, Bangwe, Zingwangwa, Chirimba, Machinjiri, mtsinje wa Nasolo, chitchule mtengo wa walkman ya ufa ndi fungo la chiwaya madzulo. Zoyimba za mfuti ndi magalimoto a ku Atlanta sizikusowa wozisunga, eni ake akusunga okha.

Tsopano ntchito. Imayambira pofunafuna ma master, mafayilo oyambirira a nyimbo monga anatulukira mu situdiyo, osati pofunsa mitengo ku fakitale yodinda mbale. Fakitale imafuna mafayilo a WAV, makamaka a 24-bit, pa 44.1, 48 kapena 96 kHz malinga ndi mmene nyimboyo inajambulidwira. MP3 ayi, ngakhale mutaisandutsa WAV pa kompyuta, chifukwa chimene chinadulidwa sichibwerera: MP3 ya 128 kbps nthawi zambiri imakhala itataya mawu onse a pamwamba pa 16 kHz, ndipo ma hi-hat ake, timawu tachitsulo tija totsagana ndi ng'oma, amamveka ngati madzi akuthira m'chitini. Ngati chimbalecho chikhale ndi nyimbo zakale zosonyeza ulendo wa woyimbayo, apite kwa amene anazijambula akafunse ma session, mafayilo a m'mapulogalamu opangira nyimbo monga FL Studio kapena Cubase, mawu paokha, ng'oma pazokha, bezi payokha. Zikapezeka, nyimboyo isakanizidwenso mwatsopano. Zikasowa n'kutsala kaseti yokha, ifunidwe kaseti yoyambirira yosalira kwambiri, mutu wa makina upukutidwe ndi kathonje ka spirit, kasikuluwu ka pambali pa mutuwo katembenuzidwe pang'onopang'ono mpaka mawu a pamwamba atatseguka, ndiye ijambulidwe kulowa m'kompyuta pa 24-bit. Kaseti yokopera ku kaseti inzake siyenera ntchitoyi.

Kenako umwini, ndipo apa ndi pamene rap imagwa kawirikawiri. Biti zambiri zakale zinagulidwa pakamwa, wina anapereka ndalama pang'ono, wina mayunitsi, popanda pepala. Nyimbo iliyonse ikhale ndi pepala losainidwa lonena amene analemba mawu, amene anapanga biti, amene anayimba kolasi, ndi gawo la aliyense. Nyimbozo zilembetsedwe ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso limene lakhalapo kuyambira 1992 ndipo likugwira ntchito pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016. Sample iliyonse, kachidutswa kotengedwa m'nyimbo ya wina, ili ndi eni ake awiri: mwini nyimbo imene inapekedwa, ndi mwini kajambulidwe kamene mwadulako. Onse awiri avomere polemba. Kaya ndi gitala wa masekondi anayi wochokera pa mbale ya soul ya ku America, kaya ndi mawu a gulu lakwathu la m'ma 1970, lamulo ndi lomwelo, ndipo mwini wake akamwalira umwini umapita kwa abale ake, sutha tsiku la maliro. Mafakitale a ku Ulaya amapereka fomu yoti mulumbire kuti zonse zili pa mbaleyo ndi zanu kapena muli ndi chilolezo, ndipo akakayikira amaimitsa ntchito. Chilolezo chikavuta, itanani woyimba gitala kapena kiyibodi mupeke china chatsopano. N'zotchipa kusiyana ndi kukhala ndi makatoni a mbale zimene simungagulitse.

Utali wa chimbale ndi nkhani imene oyimba ambiri safuna kuimva. Mbale ya mainchesi 12 yozungulira ka 33⅓ pa mphindi imatha kunyamula mphindi 22 mbali imodzi, koma zimenezo ndi za nyimbo zofatsa. Bezi imafuna kuti kanjira ka singano kakhale kotakasuka, ndipo malo pa mbale ndi owerengeka, choncho mukachulutsa mphindi wodula tinjira ta nyimbo pa mbale amakakamizika kupanikiza tinjirato ndi kutsitsa mawu. Zotsatira zake ndi mbale yolira motsika, imene mukakweza sipika phokoso la pulasitiki limakwera nayo. Kwa rap ya bezi yolemera, mphindi 16 mpaka 18 mbali iliyonse ndiye malire abwino. Werengani nokha: nyimbo 14 za mphindi zinayi ndi mphindi 56, sizingakwane pa mbale imodzi. Mwina mudule zitsale zisanu ndi zitatu kapena zisanu ndi zinayi, mwina mulipire mbale ziwiri, zimene zikutanthauza kudula kanayi, ma stamper (zidindo zodindira mbale) anayi, chikuto chokulirapo ndi kulemera kowirikiza pa ulendo. Ife tikuti dulani. Ma skit ataliatali, timasewero tija ta pakati pa nyimbo, ndi nyimbo zija zinalowa chifukwa mnzanu anachonderera zikhale za pa intaneti. Zimbale zambiri za rap zimakoma zikachepa.

Kusakaniza mawu kwa mbale n'kosiyana ndi kwa foni. Singano ndi kanthu kogwirika koyenda m'kanjira kogwirika. Mawu amene ali pakati, ofanana kumanzere ndi kumanja, amaigwedezera m'mbali. Mawu osiyana mbali ziwirizo amaikweza ndi kuitsitsa. Bezi ya 808, ija yakuya ya m'mabiti a rap, ikatambasulidwa mu stereo, kanjirako kamazama n'kuphwa motsatizana, ndipo pamene kaphwa singano imatuluka n'kudumpha. Mankhwala ake ndi kuika mawu onse a pansi pa 150 Hz, ena amafika 200 kapena 300, pakati penipeni mu mono, ndi kudula za pansi pa 30 Hz zimene khutu silimva bwino koma zimadya malo. Vuto lachiwiri lili kumwamba. Chichewa chili ndi s, ts, ps, tch ndi nts zambiri, ndipo woyimba rap amalavulira mawu pafupi ndi maikolofoni. Pa foni zimadutsa, pa mbale liwu ngati "tsiku" kapena "kupsa" limang'ambika ngati pepala. Ikani de-esser, chida chofewetsa "s", pa mawu a woyimba cha pakati pa 5 ndi 10 kHz, ndipo ma hi-hat othamanga a trap atsitsidwe pang'ono. Chachitatu, chotsani limiter ija mumapanikiza nayo nyimbo kuti ifuule pa wayilesi. Kufuula kwa mbale amakukonza ndi wodula, osati inu. Mtumizireni nyimbo yopuma bwino, nsonga zake zili cha pa -3 mpaka -6 dB.

Ndondomeko ya nyimbo nayo ili ndi chifukwa chake. Mbale imazungulira liwiro limodzi, koma kunja kwake singano imayenda pafupifupi masentimita 50 pa sekondi, pamene chakumapeto, pafupi ndi pepala la pakati, imayenda pafupifupi 20 okha. Mawu omwewo akupanikizidwa pa kamtunda kochepa, ndiye mawu a pamwamba amazilala ndipo zofuula zimaphwanyika. Nyimbo yaukali, ya ng'oma zolimba ndi mavesi othamanga, ikhale yoyamba kapena yachiwiri mbali iliyonse. Yofatsa, ija yokamba za mayi kapena za mnzanu amene anatisiya, itsekere. Tumizani fayilo imodzi ya mbali A ndi imodzi ya mbali B, mipata ya masekondi awiri kapena atatu ili kale pakati pa nyimbo, pamodzi ndi pepala lonena mphindi ndi sekondi imene nyimbo iliyonse ikuyambira ndi kuthera.

M'Malawi muno mulibe fakitale yodinda mbale, choncho ntchito imapita kunja. Ena mwa mafakitale odziwika ndi GZ Media ku Czech Republic, Optimal Media ku Germany, Record Industry ku Haarlem m'dziko la Netherlands ndi MPO ku France. Kumeneko makina odulira amalemba nyimbo pa lacquer, mbale ya aluminiyamu yokutidwa ndi utoto wofewa, kapena pa mbale ya kopa mwa njira yotchedwa DMM. Lacquer inayamba kuvuta kupeza fakitale ya Apollo Masters ku California itapsa mu Febuluwale 2020, n'kusiya kampani ya MDC ya ku Japan pafupifupi yokha. Lacquer yodulidwayo amaiwaza siliva n'kuiviika m'madzi a nickel odutsa magetsi, ndipo chitsulo chimene chimamera pamenepo ndicho chimabala ma stamper. Stamper ndi chidindo: ziwiri, ya A ndi ya B, zimafinya kamtanda ka pulasitiki ya PVC kotenthetsedwa ndi nthunzi, pansi pa mphamvu yoposa matani 100, ndipo pa theka la mphindi mbale yatuluka, pepala la pakati litamatirira kale. Chidindo chimodzi chimatopa chikadinda mbale mazana angapo mpaka cha m'ma 1,000. Popeza ndalama yambiri imalowa pa kudula ndi zidindo, mafakitale ambiri safuna oda yochepera 250 kapena 300, ndipo mbale iliyonse imatsika mtengo oda ikakula. Musanyengeke ndi za magalamu 180 kapena mitundu yowala. Ya magalamu 140 yakuda imalira chimodzimodzi ngati inadulidwa bwino, ndipo ndi yopepuka pa sikelo ya onyamula katundu. Wofuna mbale 20 kapena 30 zokha angafunse za lathe cut, zodulidwa imodziimodzi popanda chidindo, koma adziwe kuti iliyonse imadula mtengo ndipo kawirikawiri imalira motsikirapo.

Asanadinde zonse, fakitale imatumiza mbale zoyesera zotchedwa test pressing, kawirikawiri zisanu. Apa pasakhale changu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mverani mbali zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pa makina osachepera awiri, cholembera chili m'manja. Kuthetheka kukamveka pa mphindi 7 ndi masekondi 12 pa mbale imodzi yokha, ndi fumbi kapena ndi mbale imeneyo. Kukamveka pamalo omwewo pa zonse zisanu, kuli pa chidindo, ndipo mukavomera ndiye kuti mbale zonse 300 zidzathetheka pamenepo. Yang'anani ngati singano ikudumpha pamene 808 ikugwa, ngati "s" akung'ambika pa nyimbo yomaliza, ngati mbali A ilidi A. Yang'ananinso mkono wa makina: ukamapita uku ndi uku mbale ikuzungulira, bowo silili pakati, ndipo kiyibodi kapena kolasi yotalika idzamveka ngati ikulira maliro. Mukangolemba kuti mwavomera, cholakwika chilichonse chasanduka chanu.

Chikuto chake ndi cha masentimita 31 ndi theka mbali zonse, malo amene foni sidzakupatsani. Chithunzi chikhale cha 300 dpi, mitundu ya CMYK, ndi mamilimita atatu owonjezera m'mphepete oti mpeni udulepo, pa template, chikombole cha miyeso, ya fakitale yomweyo. Chithunzi chotengedwa pa Facebook chidzatuluka timabokosi. Lembani wojambula zithunzi apite nanu kumene nyimbozo zikunena, pa mlatho, pa msika, pa bwalo la mpira la fumbi, ndipo aliyense wooneka nkhope avomere. M'kati muikemo pepala la mawu onse a nyimbo. Chinenero cha m'makwalala chimasintha msanga, mawu amene mafana ankanena mu 2004 mwana wa lero sawadziwa, ndipo wa mu 2050 adzafuna pomuthandiza. Mayina a opanga biti, situdiyo, dera limene inali, ndi chaka cha nyimbo iliyonse zilembedwe zonse. Kwa mkhalakale, pepala limeneli ndiye mbiri ya ntchito yake.

Walira mvula walira matope, ndipo matope a nkhaniyi ndi ndalama zakunja ndi ulendo. Fakitale imafuna mayuro kapena madola, gawo lalikulu ntchito isanayambe, ndipo kuyambira kutumiza mafayilo mpaka kulandira makatoni pamatha miyezi itatu, inayi, nthawi zina kuposa. Amene anawerengera mtengo mu Okutobala 2023 anadzuka mu Novembala kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Choncho mtengo wogulitsira uwerengedwe potengera ndalama yakunja, ndipo tsiku lokhazikitsa chimbale lisalengezedwe makatoni asanafike mu Blantyre. Mbale ya magalamu 140 ndi chikuto chake imalemera pafupifupi kota ya kilogalamu, ndiye 300 ndi makilogalamu 70 kapena 75 musanawerengere makatoni. Pa ndege kudzatsikira ku Chileka n'zodula koma zachangu. Pa sitima kudzera ku Beira kapena Nacala n'zotsikirapo, koma vinyl imayamba kupindika kutentha kukayandikira madigiri 60, ndipo kontena yoima padzuwa padoko kapena pachipata cha Mwanza mu Okutobala imatha kufika pamenepo. Pewani miyezi yotenthayo, ndipo makatoni aimitsidwe chilili, asagonekedwe mulu. Funsani a MRA kapena wothandiza kuombola katundu za msonkho ndi VAT musanaode, osati katundu ali kale m'nyumba yosungira akuwerengedwa masiku.

Nzeru ina ndi yosabweretsa zonse kuno. Ogula ambiri oyamba adzakhala Amalawi a ku Johannesburg, ku UK ndi ku Ireland, ma DJ ndi osonkhanitsa mbale a kunja. Kuitanitsa mbale kuchokera ku Ulaya kudzafika ku Blantyre, kenako n'kuitumizanso ku Manchester pa positi, ndi kulipira ulendo kawiri ndi kuipereka kawiri ku dzuwa. Gawo lina litsale komweko kwa wogulitsa kapena m'bale wodalirika, pa mgwirizano wolembedwa wonena chiwerengero, mtengo ndi tsiku lotumiza ndalama. Yambani ndi kulembetsa ofuna kugula, kunja kudzera pa tsamba logulitsira nyimbo la Bandcamp, kuno pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo dindani molingana ndi mayina amene alipira, osati ndi chiwerengero cha okonda tsamba lanu. Kwa ma DJ, ganizirani zoika biti ziwiri zopanda mawu kumapeto ngati malo alipo, chifukwa ndi zimene amasewera nazo.

Wina afunsa, ndipo ali ndi chifukwa: chimbale chokamba za Mbayani chikhale bwanji pa chinthu chimene wa ku Mbayani alibe makina ake? Funsoli lisazembedwe. Mbale isalowe m'malo mwa foni. Tsiku lomwelo nyimbozo zipezeke pa intaneti ndi m'mawayilesi, ndipo mbale iliyonse ikhale ndi kakhadi ka nambala yotsitsira nyimbozo pa foni. Koposa apo, woyimbayo anyamule makina apite nawo kumene anachokera, m'holo ya m'dera kapena pabwalo, aike mbale anthu akuona, aitembenuze akuona, ana ayandikire aone singano ikutsika pa kanjira. Ambiri a iwo sanaonepo kumene liwu loti chimbale linachokera. Mbale zingapo ziperekedwe ku National Archives ku Zomba, ku laibulale ya MBC ndi ku mayunivesite kumene amaphunzitsa nyimbo.

Kwa ogula makina, chenjezo loyamba: galamafoni ya agogo yopukusa ndi dzanja isayandikire mbale zimenezi. Inapangidwira mbale za shellac zozungulira ka 78 pa mphindi, singano yake ndi yachitsulo, mutu wake ndi wolemera magalamu oposa 100, ndipo idzalima kanjira ka vinyl ulendo umodzi wokha. Makina a masiku ano amatsamira ndi magalamu awiri okha kapena kuposa pang'ono. Singano wamba ngati AT-VM95E ya Audio-Technica imafuna magalamu 2, za ma DJ zimafika 3 kapena 4. Kulemerako kumakonzedwa ndi kachitsulo kozungulira ka kumbuyo kwa mkono. Chizolowezi chomata ndalama yachitsulo pamutu pa singano kuti isadumphe chimapha singano ndi mbale yomwe. Ikamadumpha, onani ngati tebulo lili lowongoka, ngati singano yatha, ndi ngati sipika sizili pa tebulo lomwelo kugwedeza makina. Singano isinthidwe ikalira maola mazana angapo, isadikire kuthyoka.

Makina a kaunjika afunsidwe kumene anachokera. Magetsi athu ndi a 230V pa 50 Hz. Ochokera ku America ndi a 120V pa 60 Hz: mukawalumikiza mwachindunji apsa, ndipo ngakhale mutagula thiransifoma, ngati mota yake imatsata kugunda kwa magetsi, mbale ya 33⅓ idzazungulira cha m'ma 28, woyimba n'kumveka ngati waledzera. A direct drive, amene mota imazunguza mbale popanda lamba, okhala ndi quartz yosunga liwiro, monga Technics SL-1200 MK2 amene anatuluka mu 1979 n'kukhala chida cha ma DJ a hip hop dziko lonse, alibe vuto la liwiroli, bola mphamvu ya magetsi ikhale yoyenera. A lamba, lambayo amatamuka ndi zaka ndipo liwiro limasokonekera. Ndi wotchipa kusintha. Waya wa makina alowe pa bowo lolembedwa PHONO, osati AUX kapena LINE, chifukwa podula mbale bezi imatsitsidwa ndipo mawu a pamwamba amakwezedwa motsata muyeso wa RIAA, ndiye PHONO ndi imene imabweza zonse m'malo mwake. Pa AUX mudzamva timawu tochepa topanda bezi n'kuganiza kuti mbale ndi yoipa. Ampulifaya ikakhala yopanda PHONO, gulani kabokosi ka phono preamp. Kung'ung'udza kosalekeza m'sipika ndi kawaya kowonda ka ground kamene sikanamangidwe pa sikuluwu yake kumbuyo kwa ampulifaya. Ndi kuthimathima kwa magetsi kwathu kuno, surge protector yoteteza makina ku magetsi obwera mwamphamvu isasowe, ndipo magetsi akazima nyamulani singano isanabwerere mphamvu.

Kusunga kwake mu Blantyre kuli ndi adani atatu: dzuwa, fumbi ndi chinyontho. Mbale isasiyidwe m'galimoto yoimika pa Victoria Avenue masana, ngakhale kwa ola limodzi, kapena pafupi ndi zenera ndi pansi penipeni pa malata. Iziima chilili pa shelefu ngati mabuku, yosapanikizika, yotalikira simenti ndi khoma kumene chiswe chimadzera. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikagwira, zikuto zimachita chuku, choncho kabati izitsegulidwa kuti mudutse mpweya. Igwireni m'mphepete ndi pa pepala la pakati, zala zisakhudze tinjira. Fumbi lichotsedwe ndi burashi yofewa musanayimbe mbali iliyonse. Ikada kwambiri, madzi oyera a distilled aja amagulitsidwa othira mu batire ya galimoto, osati asidi, ndi kansalu kofewa kosasiya ubweya ndi zokwanira. Pukutani motsata kuzungulira kwa tinjira, pepala la pakati lisanyowe, ndipo iume kaye musanaibwezere m'chikuto. Madzi a pampopi amasiya mchere m'tinjira, ndipo sopo wochapira mbale za nsima asungidwe kukhitchini.

Ife okonda ndi ogwira ntchito za nyimbo,
Ndirande, Blantyre